Ulemu umene ukuwatha miyendo agogo

Pali ulemu wina umene timachitira akuluakulu kuno ku Nkhotakota umene ine ndaleka kuukhulupirira. Gogo akangogwira tsache, mdzukulu wafika kale kudzalanda: "Iyayi agogo, khalani pansi, tisesa ife." Akanyamula kandowa kuti apite ku mjigo, mpongozi agwidwa manyazi kuti anthu apamudzi amuona bwanji. Akanena kuti Lamulungu apita wapansi ku tchalitchi monga achitira masiku onse, mwana wa ku Lilongwe atumiza ndalama pafoni kuti ayitanidwe wakabaza. Palibe amene amachita izi ndi mtima woipa. Koma pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, munthu amene ankatsika yekha kudooko m'mamawa kukagula usipa akulephera kudzuka pamkeka popanda womugwira dzanja, ndipo tonse timangopukusa mitu n'kumati ndi ukalamba.

Ukalamba ulipo ndithu, palibe angautsutse. Koma gawo lalikulu la zimene timanamizira ukalamba ndi ntchito ya mpando.

Minofu ya munthu imayamba kuchepa akangodutsa zaka 30. Madokotala amati pa zaka khumi zilizonse imatha ndi magawo 3 mpaka 8 pa 100 alionse, ndipo akapitirira zaka 60 imatha mothamanga. Imene ikugwira ntchito imachedwa kutha, imene yangokhala ndiyo imafota msanga. Msodzi aliyense amadziwa kuti bwato limene lasiyidwa pamchenga chilimwe chonse limang'aluka, pamene linzake lolowa m'madzi tsiku ndi tsiku likadali bwinobwino. Nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene wachikulire wadwala. Agone masabata awiri ndi malungo kapena chibayo, adzuka miyendo ili lendelende. Mnyamata zoterezi zimamuthera masiku ochepa, koma nkhalamba mphamvu zake sizibwerera zokha, zimafuna kuti iyambe kuyenda mwadala, lero mpaka pakhonde, mawa mpaka kunkhokwe. Ndiye nthawi yomweyo ndi pamene ife timalimbikira kuti "musawadzutse, apume." Miyendo ikafooka munthu amayamba kudzandira, akadzandira amaopa kugwa, akaopa kugwa amasiyiratu kuyenda, ndipo tsiku lina amagwadi pakhomo pa chimbudzi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse pa dziko lonse chifukwa cha kugwa, ndipo ochuluka mwa iwo ndi opitirira zaka 60. Kuno kwathu fupa la m'chiuno likathyoka, ndiye kuti banja liyambe kusonkha ya ulendo wa ku Lilongwe, ndipo si onse amene amadzayendanso.

Malangizo amene bungwe lomwelo linatulutsa mu 2020 si ovuta kumva. Munthu wa zaka 65 kupita m'tsogolo azichita zinthu zomutulutsa kathukuta kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, azichita zolimbitsa minofu masiku osachepera awiri, komanso masiku atatu azichita zomuthandiza kuima nji osadzandira. Mphindi 150 ndi theka la ola kwa masiku asanu basi.

Ndikudziwa kuti wina waseka kale. "Za m'tauni izi. Ife kuno timafuna kuuzidwa kuti tizituluka thukuta?" Ndipo ali ndi mfundo. Mayi amene wakhala moyo wake wonse akuwokera mpunga m'matope a kudambo, kuzula chinangwa, kuchinyamula pamutu kukachiviika, kuchisinja mumtondo, safunika phunziro la munthu wovala nsapato zothamangira. Bambo amene wapalasa bwato ndi nkhafi mwera ukuwomba, kapena kukoka khoka kuyambira ali mnyamata, ali ndi mapewa oti achinyamata a m'maofesi amangowasirira. Sindikunena kuti agogo azithamanga mumsewu wa M5 atavala kabudula.

Koma tiyeni tione mmene moyo wasinthira. Mtondo walowedwa m'malo ndi chigayo. Maulendo amene makolo athu ankayenda wapansi lero ndi a njinga yamoto, ngakhale kuchokera pamsika kukafika kuseri kwa sukulu. Maboti ambiri ali ndi injini. Ndipo m'midzi mwathu mwadzaza anthu amene anagwira ntchito zokhala pansi, aphunzitsi, akalaliki, madalaivala, ena ochokera ku Dwangwa, amene abwerera kumudzi ndi penshoni, mimba ndi mapiritsi a BP. Kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS amene boma linachita mu 2009 anapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe. Amene anali ndi zaka 50 nthawi imeneyo ndiwo agogo athu a lero. Ngakhale mlimi weniweni, ntchito yake ndi ya nyengo. Akakolola mpunga amatha miyezi ali pabawo, ndipo khasu limaweramitsa msana mbali imodzi yokha.

Palinso gogo wa mtundu wina amene sindikufuna kumuiwala, chifukwa nkhani ngati ino ikhoza kumupweteka. Uyu ndi amene akulera adzukulu amasiye, amadzuka mbandakucha kukagwira ganyu m'munda mwa eni, n'kubwera madzulo kudzadya kondowole wa chigwada. Ameneyu sakusowa ntchito, akusowa chakudya ndi mpumulo. Minofu simangidwa ndi thukuta lokha. Chinangwa chimakhutitsa koma chili ndi zomanga thupi zochepa kwambiri, choncho popanda usipa, nyemba, nsinjiro kapena dzira, thupi limayamba kudzidya lokha. N'zomvetsa chisoni kuti m'boma limene nsomba zimatuluka tsiku lililonse, nkhalamba ndi imene imapatsidwa msuzi, ati mano alibe. Chodabwitsa n'chakuti nthawi zambiri mudzi umodzi womwewo uli ndi onse awiri, wina tikumupha ndi ntchito, wina tikumupha ndi mpando.

Tsono chifukwa chiyani ndikukokera nkhaniyi ku tchalitchi ndi ku mzikiti, osati ku chipatala kokha?

Chifukwa kuno pemphero timalichita ndi thupi. Chisilamu chinakhazikika pa Nkhotakota ndi a Jumbe m'zaka za m'ma 1840, mishoni ya Anglican inafika m'zaka za m'ma 1890, ndipo zipembedzo ziwiri zonsezi zinaphunzitsa anthu kupembedza ndi mawondo. Taonani nkhalamba ya Chisilamu ikuswali. Iima chilili, iwerama manja ali pamawondo, iweramuka, itsika mpaka mphumi kugunda pamkeka, ikhala pamiyendo yake, igunditsanso mphumi, kenako idzuka. Swala zisanu za tsiku zili ndi maraka 17 okakamizidwa, osawerengera oonjezera, ndipo raka iliyonse ndi kuima, kuwerama ndi kugunditsa mphumi kuja. Onjezanipo ulendo wopita ndi kubwera ku mzikiti, woyamba kusanache. Munthu amene wachita zimenezi kwa zaka 50 ali ndi mawondo ndi akakolo ofewa kuposa mwana wake wa zaka 40 amene amakhalira chiwongolero. Iye sanachitepo zimenezi pofuna thanzi, ndipo mukamuuza kuti akulimbitsa thupi akhoza kukukalipirani. Koma thupi lake lapindula.

Kwa Akhristu n'chimodzimodzi. Wa Anglican ndi wa Katolika amagwada, kuima, kukhala, kugwadanso. Lachisanu Loyera anthu amayenda Njira ya Mtanda padzuwa. Amayi a Chigwirizano, a Mothers' Union, a Dorika, amadula mitunda atavala yunifolomu kukaona wodwala, kukapepesa maliro, kukachezera usiku wonse akuimba. Ndani amadziwa nyimbo zonse za pamaliro osayang'ana m'buku? Ndani amadziwa kasambitsidwe ka thupi la malemu, kalangizidwe ka namwali, kayanjanitsidwe ka banja limene latsala pang'ono kutha? Timanena tokha kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Koma kuti mkulu akazimitse motowo ayenera kukafika pamene ukuyaka, ndipo amakafika ndi miyendo.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Nkhalamba ikasiya kuyenda, chimene yataya si kuyenda kokha. Yataya swala ya Lachisanu pamodzi ndi anzake. Yataya Mgonero, mphakati, kwaya, maliro a mnzake amene inavinidwa naye limodzi. Chatsala ndi wailesi. Radio Maria ndi Radio Islam zimagwira ntchito yabwino, koma wailesi sigwira munthu chanza, simufunsa kuti mwadzuka bwanji, sizindikira kuti lero maso ake ali ndi chikasu. Abusa kapena a shehe amabwera mwa apo ndi apo, kenako amaiwala, poti nkhosa n'zambiri. Munthu amene anali mzati wa mpingo amasanduka dzina lotchulidwa pa zolengeza za odwala. Ena chikhulupiriro chawo chimakula m'kachipinda momwemo, ndawaonapo otero ndipo ndimawapatsa ulemu. Koma ambiri amangofota mumtima, amayamba kuyankhula za imfa yokhayokha, ndipo akamati "Mulungu wandiiwala" kwenikweni akunena ife.

Ndipo m'dziko muno kubisika kwa nkhalamba kuli ndi ngozi ina. Gogo amene ana apamudzi sanamuonepo padzuwa, amene amangomveka akuyankhula yekha m'nyumba yamdima, ndi amene amayamba kulozedwa chala mwana akamwalira mwadzidzidzi. Tonse tikukumbukira za ku Neno mu Januwale 2016, pamene nkhalamba zinayi zinaphedwa poganiziridwa ufiti mtsikana atawombedwa ndi mphenzi. Lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire. Mlandu wa nkhanza zotere ndi wa ozichita, osati wa miyendo ya wophedwa. Komabe gogo amene amaonekera sabata iliyonse pamzere wa kutsogolo, amene gulu lonse la amayi limamudziwa ndi dzina, ali ndi anthu oti akhoza kuima pakhomo pake gulu la achinyamata likabwera ndi miyala.

Pali vesi limene alaliki ena amalikonda akafuna kupeputsa nkhani ngati iyi, 1 Timoteo 4:8, pamene Paulo akunena kuti kulimbitsa thupi kumapindula pang'ono koma kupembedza kumapindula pa zonse. Zoona. Koma amene ankalemba zimenezi ndi munthu woti anatha zaka akuyenda maulendo ataliatali, ambiri wapansi, ndipo ankalembera mnyamata, pakati pa anthu amene sankadziwa kabaza. Sankalembera mkulu wa mpingo wa zaka 68 amene amatsika njinga yamoto pakhomo pa tchalitchi n'kukakhala pampando wa kutsogolo maola atatu, potuluka n'kulandira Fanta. Baibulo lomwelo limatiuza za Kalebe, amene ali ndi zaka 85 anapita kwa Yoswa kukapempha dziko la kumapiri ponena kuti mphamvu zake zikadalipo. Limatiuzanso za wansembe Eli. Iye anali ndi zaka 98, maso atachita khungu, atakhala pampando m'mbali mwa njira, ndipo atamva kuti likasa la Mulungu lalandidwa anagwa chagada n'kuthyoka khosi. Wolemba 1 Samueli sanabise, anawonjezera kuti munthuyo anali wokalamba ndi wonenepa. Sindinamvepo ulaliki wa pamenepo, mwina chifukwa ambiri okhala kutsogolo angaone ngati akunenedwa.

Kwa Asilamu mawu ake ndi achindunji. Mtumiki Muhammad anauza Abdullah ibn Amr, amene ankasala masiku onse ndi kuswali usiku wonse, kuti achepetse chifukwa thupi lake nalo lili ndi ufulu pa iye. Abdullah anaumirira, ndipo atakalamba ankadandaula kuti akanangolandira kupeputsiridwa kuja. Ndiponso amene akusunga ndalama za Hajj adziwe kuti ku Makka kukafunika miyendo. Kuzungulira Kaaba, nyumba yopatulika ya kumeneko, ndi kasanu n'kawiri, ndipo kuyenda pakati pa timapiri ta Safa ndi Marwa kokha kumapitirira makilomita atatu. Ambiri kuno ndalamazo zimakwana tsitsi litayera kale.

Ndisapitirire malire. Thanzi si chiyero. Pali anthu oopa Mulungu amene anayenda, kulima, kudya bwino, koma sitiroko inawagwetsa tsiku limodzi. Pali ena nyamakazi inawapinda zala ali ndi zaka 50. Isake anakalamba wosaona, Yakobo anatsala wotsimphina. Mtumiki anauza Imran ibn Husayn, amene ankadwala, kuti aswali ataima, akalephera atakhala, akalepheranso atagona chammbali, ndipo swala yakeyo ndi swala yathunthu. Aliyense amene angatenge nkhani ino kukanyozera wodwala kuti anali waulesi sanaimve. Ndipo ndikutsutsana kotheratu ndi aneneri amene amauza nkhalamba kuti itaye mapiritsi a BP kapena a shuga posonyeza chikhulupiriro, kapena kukweza mayi wa shuga kuphiri kukasala masiku atatu osalawa kanthu. Chisilamu chimene, chomwe chimalemekeza kwambiri Ramadan, chimamasula wodwala matenda osachiritsika ndi wokalamba wofooka kuti asasale, m'malo mwake adyetse wosauka. Thupi limene ukuti ndi kachisi wa Mzimu Woyera sungalisamale polizunza.

Chimene ndikunena n'chakuti mphamvu zimene zatsala, zikhale zambiri kapena zochepa, ndi chinthu chosungitsidwa, ndipo wosunga si gogo yekha. Ndi banja, ndi mpingo.

Mukafuna kudziwa pamene kholo lanu lafika, musafunse kuti "muli bwanji," chifukwa yankho ndi "ndili bwino" ngakhale zitavuta. Yang'anani mmene akudzukira pamkeka. Poyamba amadzuka osagwira kanthu. Kenako amatsamira dzanja limodzi pansi. Kenako amatembenuka kaye n'kugwada, manja onse pansi, n'kukwawira ku chipilala cha khonde kuti akoke thupi. Akafika pamenepa, dziwani kuti kuchimbudzi nako zinthu zavuta kale, kungoti sanganene. Zimbudzi zathu zambiri n'zokumba, zimafuna kunyonyomala ndi kudzukanso popanda chogwira, pansi pali ponyowa. Nkhalamba zambiri zimachepetsa dala kudya ndi kumwa madzi pothawa ulendo umenewu, m'dera lotentha ngati lino, mwezi wa Okutobala. Ndipo munthu amene wayamba kudziipitsira amadzichotsa yekha pagulu. Msilamu amene sangathe kudzisunga waukhondo amachita manyazi kulowa mumzikiti, mayi wa Chigwirizano amapinda yunifolomu yake yoyera n'kuiika pansi pa sutikesi. Mtengo umodzi wolimba wozikidwa m'chimbudzi kuti azigwira, ndi miyendo yozolowera kudzuka, zikhoza kusunga munthu mumpingo zaka zina zisanu. Nkhani za uzimu zina zimayambira kumeneko, kaya tifune kaya tisafune.

Zolimbitsa miyendoyo sizilira ndalama. Kudzuka pampando osagwira ndi manja n'kukhalanso pang'onopang'ono, kakhumi, m'mawa ndi madzulo. Kuima ndi mwendo umodzi dzanja lili pakhoma. Kunyamula kachigubu ka malita asanu kuchokera ku mjigo m'malo mwa ndowa yonse. Kuyenda m'mawa dzuwa lisanakwere, ndipo amene ali pafupi ndi nyanja ali ndi mwayi chifukwa mchenga umagwiritsa ntchito miyendo kuposa msewu. Amene akumva kupweteka pachifuwa, chizungulire, kubanika kapena kutupa mapazi ayambe wapita kuchipatala, asakakamire. Mchere nawo uchepe, WHO imati usafike magalamu asanu pa tsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi umene uli kale mu nsomba zouma.

Koma choposa zonsezi ndi gule. Chiwoda chikalira, mayi wa zaka 70 amene amadandaula mawondo sabata yonse amamanga chitenje n'kulowa m'bwalo. Muli kupinda mawondo, kutembenuka, kusuntha thupi kuchoka mwendo uno kupita winawo, kukumbukira nyimbo, kuseka ndi anzako, zonse zimene akatswiri amalemba m'mabuku awo. Ndiye timachita chiyani? Pa chikondwerero cha mpingo kapena paukwati, wachinyamata wovala baji amabwera n'kumugwira pamkono mwaulemu: "Amayi, tiyeni mukakhale pamthunzi, mungagwe." Ndikanakonda akanavina naye pambali pake kuti akadzandira amugwire.

Mipingo ndi mizikiti ndiyo malo okhawo amene amasonkhanitsa achikulire sabata iliyonse popanda alawansi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi anthu 5 pa 100 alionse m'Malawi ndi a zaka 60 kupita m'tsogolo, ndipo popeza Amalawi tsopano akukhala ndi moyo zaka zoposa 60, pamene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 sizinkafika 50, chiwerengerochi chizingokwera. Mpingo umene umatha kusonkha ndalama za zokuzira mawu ndi matailosi sungalephere kugula kamakina koyezera BP. Pafupifupi mpingo uliwonse uli ndi namwino, mlangizi wa zaumoyo kapena wopuma ntchito ya chipatala amene angayeze anthu mapemphero akatha n'kutumiza kuchipatala amene magazi akwera. Masitepe a tchalitchi akhale ndi chogwirira. Ndipo achinyamata, m'malo mongosonkha ndalama ya kabaza, agawane mayina: uyu Lamulungu akatenge agogo akutiakuti n'kuyenda nawo, pa liwiro lawo, kupuma pamene akufuna kupuma. Kumene kuli kutali kwambiri kabaza awatule pamtunda woti otsalawo amalize okha. Pa ulendo wotero mwana amamva zinthu zimene sakanazimva pa Sande sukulu kapena ku madrasa, za mmene mudzi unayambira, za amene anakumba chitsime, za chifukwa chimene mabanja awiri aja sapatsana moni.

Amayi ali ndi poyambira chifukwa magulu awo ndi oyenda kale. Vuto lalikulu ndi abambo. Bambo akasiya kupita panyanja kapena akapuma ntchito, dziko lake limachepa mpaka kutsala pabawo ndi pakhonde, ndipo kumuuza kuti azidzuka pampando kakhumi adzukulu akuona ndi kumunyoza. Ameneyu samvera malangizo, amamvera udindo. A shehe akamupatsa makiyi kuti azitsegula mzikiti m'bandakucha, adzayenda. Abusa akamuika pa gulu loyendera odwala a m'midzi itatu, adzayenda, ndipo adzakwiya wina akamutsogolera. Kudooko achinyamata akamuitana kuti adzawaonetse kasokedwe ka ukonde wong'ambika, adzatsika ndi kukwera mtunda uja tsiku lililonse osadandaula bondo. Akakana ndodo poti ndi ya nkhalamba, muuzeni kuti mafumu amayenda nayo.